LIKODZO LA ANTHU NDI LIKODZO LA NG'OMBE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi pa nthawi ya acikumbi. Taisindikiza kuti mafumu a ku Mvera ndi a m'midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi aiwerengetse pa bwalo, amve ndi iwo amene analibe wailesi.



Lero ndikamba za likodzo. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kunena mumtima kuti, "Imeneyo tinaimva kale-kale: tikumbe zimbudzi, ana asasambe pa dziwe." Inde munaimva, ndipo ndidzaibwereza pang'ono. Koma pali cinthu cina cimene cadziwika m'dziko lathu lino kuyambira caka ca 2019, ndipo cikhudza inu oweta ng'ombe ndi mbuzi koposa ena onse. Capezeka kuti nyongolotsi ya likodzo la anthu ndi nyongolotsi ya likodzo la ng'ombe zimakwatirana ndi kubala ana. Amene anatulukira cimeneci sanazione ziri kukwatirana ai. Anacita monga mucitira inu mafumu pa mlandu wa ufumu: anafunsa za kubele.

Tiyambe ndi nyongolotsi yeniyeniyo, pakuti ambiri amene amakodza mwazi sanaionepo. Iri m'gulu la nyongolotsi zophwatalala, ndipo ndi mbale wa kanthu kaja konga tsamba kamene mumakapeza m'ciwindi ca ng'ombe mukapha pa ukwati kapena pa maliro. Kutalika kwace ndi sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Sikhala m'matumbo monga njoka za m'mimba, koma m'mitsempha ya mwazi yozungulira cikhodzodzo. Yaimuna njonenepa, ndipo imapinda m'mbali mwace monga mupindira tsamba pofuna kumwera madzi pa mtsinje. Yaikazi njoonda ngati ulusi, ndipo imagona m'kati mwa mpindirowo. Zimakhala comweco ziwiri-ziwiri zaka 3, zaka 5, nthawi zina kupitirira apo, yaikazi iri kuikira mazira tsiku ndi tsiku osapuma.

Dzira liri lonse liri ndi kaminga kunsonga. Mazirawa amaboola khoma la cikhodzodzo kuti atuluke ndi mkodzo, ndipo mwazi umene mumauona mwana akatsala pang'ono kumaliza kukodza ucokera pa zironda zimenezo. Koma ambiri satuluka. Amatsalira m'mnofu, ndipo otsalirawo ndiwo amaononga munthu pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri: mwazi ucepa m'thupi, cikhodzodzo ciuma, impso zitupa, ndipo ena atakalamba amagwidwa ndi khansa ya m'cikhodzodzo.

Dzira likagwa pa dothi louma limafa. Likagwa m'madzi limaswa kacirombo kosaoneka ndi maso, ndipo kacirombo kameneka kayenera kupeza nkhono ya m'madzi tsiku lisanathe, apo ai kafa. Si nkhono yaikuru ya kumunda ija ai, koma kankhono kakang'ono konga nsonga ya cala, kamene kamakangamira pa udzu ndi pa masamba ovunda m'madzi odekha. M'nkhonomo kamodzi kaja kamacuruka, ndipo patapita mwezi umodzi kapena kuposa pang'ono timatuluka tizirombo tamicira tambirimbiri, makamaka dzuwa liri pamutu. Timeneti ndito timaboola khungu la munthu wosamba, wocapa, wooloka kapena womwetsa ng'ombe. Patapita miyezi iwiri kapena itatu munthuyo ayamba kukodza mazira, ndipo ulendo uyambanso.

Woyamba kuiona nyongolotsi imeneyi anali dokotala wa ku Germany, dzina lace Theodor Bilharz, pa cipatala ca ku Cairo m'caka ca 1851. Nco cifukwa cace Azungu amati bilharzia. Za nkhono zinatsimikizika m'caka ca 1915 ndi dokotala wina, Robert Leiper, ku Egypt komweko. Nthendayi njakale ndithu, pakuti mazira ace anapezeka m'mitembo ya ku Egypt imene inaikidwa zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Maina acilendo ndichula anai okha, ndipo musabvutike kuwaloweza. Nyongolotsi ya likodzo la mumkodzo dzina lace ndi Schistosoma haematobium. Iripo inanso ya anthu imene imakhala ku mitsempha ya matumbo ndi kutupitsa ciwindi ndi kapamba, dzina lace mansoni. Za ziweto ziripo ziwiri zimene zikhudza nkhani yathu: bovis, imene iri yambiri kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, ndi mattheei, imene iri ya ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi za kuno kumwera, m'maiko monga Zambia, Zimbabwe ndi South Africa. Mattheei inadziwika m'caka ca 1929 m'nkhosa za ku Cape, ndipo anaicha dzina la mlimi mwini nkhosazo, Matthee. Mazira ace amatuluka ndi ndowe. Cimene muyenera kugwiritsa ndi ici: nkhono imene imalera mattheei ndi yomwe ija imalera likodzo la mumkodzo.

MAKAUNDULA AWIRI

Tsopano mufunsa, nanga munthu angadziwe bwanji mai wa kanyongolotsi? Cherani khutu, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani.

Thupi la camoyo ciri conse, kaya munthu, kaya ng'ombe, kaya nyongolotsi, linamangidwa ndi tizipinda tating'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, timene ana a sukulu amati maselo. M'kacipinda kali konse muli kaundula wolembedwa ndi malemba anai okha obwerezabwereza, ndipo kaundulayo ndiye amalamula umo camoyoco cidzakhalire. Dzina lace ndi DNA. Kaundula wamkuru amacokera mbali zonse ziwiri, theka kwa bambo, theka kwa mai. Wa nyongolotsi ya likodzo ali ndi malemba pafupi 400 miliyoni.

Koma m'kacipinda komwemo mulinso mafuwa. Ndinena mafuwa cifukwa ndi pamene cakudya cimapsera ndi kusanduka mphamvu ya thupi. Odziwa amawacha mitokondiriya. Mafuwa amenewa ali ndi kaundula wao-wao wamng'ono, wozungulira ngati cibangiri. M'nyongolotsi ya likodzo ali ndi malemba ngati 15,000, ogawika m'ndime 36. Wa munthu ali ndi ndime 37, ndiye kuti nyongolotsi inataya imodzi m'njira kale-kale.

Kaundula wamng'onoyu sacokera kwa bambo. Dzira la mai ndilo limabwera ndi mafuwa, pamene mbeu ya bambo imangopereka theka lace la kaundula wamkuru. Inu Acewa simungadabwe ndi cimeneci. Mkamwini amafika pa mudzi ndi khasu lace ndi mphasa yace, nabala ana, koma mafuwa ndi a mkazi ndipo ana ndi a mbumba. Ikafa mfumu simuyamba ndi kufunsa kuti bambo wa uje anali yani. Mumatsata bele, kwa mai, kwa agogo akazi, kufikira kwa kholo lija linamanga mudzi. Angoni amene anafika ndi Chiwere, mwa mwambo wa makolo ao, amawerenga mtundu kucimuna. Andikhululukire, koma kaundula wamng'ono uyu ndi Mcewa weniweni.

Kaundula ameneyu amalembedwanso mwatsopano pa mbadwo uli wonse. Mudziwa umo zimakhalira mlembi wa mfumu akamatengera maina a m'mudzi kucokera m'buku lakale kulowetsa m'latsopano. Nthawi zina aphonya lemba limodzi, ndipo wodzatengera pambuyo pace amatengera ndi colakwa comwe. Patapita mibadwo yambiri, mabuku ocokera kwa mlembi mmodzi amadziwika ndi zolakwa zao zofanana. Ndi momwemonso ndi nyongolotsi. Ziwiri zikafanana zolakwa, ndi za bele limodzi. Zikasiyana pa malemba ambiri, ndiye kuti makolo ao akazi analekana kale kwambiri. Kawirikawiri ofufuza sawerenga cibangiri conse. Amawerenga ndime imodzi yochedwa cox1, ndipo dzira limodzi lokha locokera mumkodzo wa mwana limakwana pa nchito imeneyi.

ZIMENE KAUNDULA WAMNG'ONO WAULULA

M'caka ca 2000 ofufuza a ku Australia anaona cinthu codabwitsa. Ndime 36 zija zimatsatana mwa dongosolo, monga nyumba za m'mudzi zitsatana m'mbali mwa mseu. M'nyongolotsi za likodzo za ku China, ku Philippines ndi za mumtsinje wa Mekong, dongosolo lace ndi lomwe lija lopezeka mwa abale ao ena ophwatalala, monga kanthu ka m'ciwindi ca ng'ombe kaja. Koma mu mansoni ndimezo zinasinthana malo. M'caka ca 2006 a ku Natural History Museum ku London anawerenga cibangiri conse ca haematobium, napeza kuti naconso cinasinthana malo mofanana, pamodzi ndi ca nyongolotsi ina ya ng'ombe za ku India. Kusintha kotere sikucitika kawiri mofanana. Kunacitika kamodzi, mwa mai mmodzi, ndipo zonse za kuno kwathu ndi mbumba yace. Pa cifukwa ici akatswiri ambiri amati nyumba yaikuru ya likodzo iri ku Asia, ndipo nyongolotsizi zinafika mu Africa ndi nyama za m'thengo zaka mamiliyoni zapitazo, zisanayambe kulowa mwa anthu.

Kaundula yemweyo anaonetsanso kuti mansoni imene iri ku Brazil lero bele lace ndi la kuno ku Africa. Inaoloka nyanja m'matupi a anthu ogwidwa ukapolo, nipeza nkhono yoiyenera kumeneko. Ya mumkodzo inaoloka m'zombo zomwezo, koma sinapeze nkhono yace, ndipo sinakhazikike. Taonani kukula kwa nchito ya kankhono kaja.

Cina, ndipo ici ndico cibweretsa nkhani pafupi ndi khola lanu. Nyongolotsi imene imakodzetsa mwana wanu mwazi ndi mbale wapafupi wa nyongolotsi za ng'ombe koposa umo iriri mbale wa mansoni, imene ikhala nayo pamodzi mwa anthu. Ndiponso m'caka ca 2012 anawerenga bele la haematobium ya m'maiko ambiri, napeza kuti pa mtunda pa Africa pafupi zonse ndi za bele limodzi, pamene za ku Zanzibar, ku Madagascar ndi m'mphepete mwa nyanja ya mcere ziri ndi lao. Potero likapezeka dzira mumkodzo wa munthu lokhala ndi bele lacilendo, limaonekera msanga monga mbuzi yoyera pakati pa zakuda.

Kukayika kunayamba kale. M'zaka za 1959 ndi 1961 dokotala R. J. Pitchford wa ku Nelspruit, ku South Africa, analemba kuti anali kupeza mwa anthu mazira onga a ng'ombe, ndi ena a maonekedwe a pakati-kati, osati a anthu enieni, osati a ng'ombe enieni. Iye anaganiza kuti nyongolotsizo zinali kukwatirana, koma anali ndi galasi lokuza zinthu lokha, ndipo maonekedwe a dzira amanyenga monga nkhope ya mwana imanyenga pa mlandu wa mimba. Umboni weniweni unadikira kufikira anthu ataphunzira kuwerenga makaundula awiri aja. Njira yace njosabvuta kuimva. Awerenga wamkuru, ndipo uti, "Ine ndine wa anthu." Awerenga wamng'ono, ndipo uti, "Kubele kwathu ndi kwa ng'ombe." Awiriwa akatsutsana cotere, ndiye kuti pena pace m'mbuyomo yaimuna ya mtundu wina inanyamula yaikazi ya mtundu wina. Zimakomana m'mitsempha ya ku ciwindi, mitundu yonse iwiri ikalowa m'thupi limodzi kucokera pa dziwe limodzi.

M'caka ca 2009 zotere zinapezeka mwa ana a ku Senegal, pakati pa haematobium ndi bovis. M'caka ca 2013 anthu osamba mumtsinje wa Cavu pa cisumbu ca Corsica, m'dziko la France, anatenga likodzo, ndipo odwala anaposa 100. Powerenga makaundula anapeza kuti nyongolotsi zina zinali zosakanizika, ndipo ubale wace unaloza ku Senegal.

Tsopano kwathu kuno. M'caka ca 2019 kunatuluka lipoti la mazira a maonekedwe acilendo amene anatengedwa mumkodzo wa ana a m'maboma a kumwera, kumene ofufuza anayenda ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Mangochi. Ena mwa mazirawo anali osakanizika ndi mattheei, ena ndi bovis. Cifukwa ca ici, m'caka ca 2021 inayamba nchito yofufuza yochedwa HUGS, yoyendetsedwa ndi a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi a Malawi-Liverpool-Wellcome a ku Blantyre, motsogozedwa ndi Profesa Russell Stothard ndi Profesa Janelisa Musaya. Anayeza anthu, nkhono ndi ziweto, makamaka ku Mangochi ndi ku Nsanje.

Za ng'ombe anafalitsa m'caka ca 2024, ndipo alimi mumve bwino. Poyeza ndowe anapeza kuti ng'ombe 49 mwa 100 ziri zonse zinali ndi likodzo, ngakhale kuti malo ena linali lambiri, malo ena locepa. Lambiri linali la mattheei, lao-lao la ziweto. Koma mwa ng'ombe zodwalazo, ngati 2 mwa 100, zonse za ku Mangochi, zinali kutulutsa mazira a nyongolotsi yosakanizika kapena a nyongolotsi ya anthu yeniyeni. Anasankhanso khola limodzi la ng'ombe 8 m'mphepete mwa nyanja, nazibveka timakina m'khosi toonetsa kumene ziri kuyenda, nazipatsa mankhwala. Zonse zinali kulowa m'madzi tsiku ndi tsiku. Patapita mwezi umodzi zonse zinali zitacira. Patapita miyezi itatu zonse 8 zinali nalonso likodzo, ndipo inayamba kugwidwanso inali yaing'ono pa zonse. Mbuzi nazo anazipeza nalo.

Pano ndicenjeze, kuti wina asathamange ndi nkhani. Bele silifafanizika. Nyongolotsi ikhoza kukhala mwa anthu okha-okha mibadwo mazana, koma nkusungabe cizindikiro ca gogo wace wa ku ng'ombe, monga mbumba imene inacokera ku Kasungu kale imachulabe kwao ngakhale palibe wamoyo amene anapondako. Kaundula wamng'ono amanena kuti ukwati unacitika, koma sanena tsiku lace. M'caka ca 2019 ofufuza ena anawerenga kaundula wamkuru wa nyongolotsi za ku Niger, napeza kuti kusakanizika kwao ndi bovis kunacitika mibadwo ya nyongolotsi yoposa 100 yapitayo. Comweco si dzira liri lonse la bele la ng'ombe limene linacokera m'khola la dzulo. Koma za mattheei ine ndiona kuti tisadzitonthoze nazo. Iri m'ng'ombe zathu lero lino, imagwiritsa nchito nkhono yomweyo, ndipo yosakanizika yapezeka mbali zonse ziwiri, mwa mwana ndi mwa ng'ombe.

NANGA IFE A M'MAPIRI?

Ambiri a ku Mvera ndi ku Ntchisi amati likodzo ndi nthenda ya anthu a kunyanja, a ku Salima ndi a ku Nkhotakota. Nzoona kuti kunyanja ndi ku cigwa ca Shire liri lambiri, ndipo kufufuza kumene ndachulaku kunacitika kumeneko. Koma nkhono siifuna nyanja. Imafuna madzi odekha okhala ndi udzu: dziwe la pa dambo, damu, ngalande yothirira dimba, ndi maiwe amene amatsala mu Lingadzi ndi m'timitsinje tace madzi akaleka kuthamanga. Dimba la tomato ndi kabici lakweza mabanja ambiri m'mapiri muno, ndipo sindinena kuti mulisiye, koma mudziwe kuti madzi amene mwawaimitsa kuti muthirire mwaimitsiranso nkhono. Ndiponso mseu wa ku Salima upita pakhomo panu. Anyamata amatsika nao kukagula nsomba ku Senga Bay nasamba komweko, ndipo ng'ombe ndi mbuzi zimagulidwa uku ndi kugulitsidwa uko. Nyongolotsi imayenda m'thupi la mwini wace, ndipo siripira galimoto.

Taganizani za dziwe limodzi la pa mudzi panu m'mwezi wa Okutobala. Masana dzuwa litatentha abusa afika ndi ng'ombe. Ng'ombe zilowa kufikira m'mimba, zimwa, zigwetsa ndowe m'madzi. Anyamata abvula, asambira, akodza momwemo. Amai ali pambali kucapa, mwana wakhanda ali kusewera m'madzi a m'mphepete. Nthawi yace ndi yomwe ija tizirombo tamicira timatuluka m'nkhono. Ngati munthu atafuna dala kukwatitsa nyongolotsi ya anthu ndi ya ng'ombe, sakadapeza malo oposa amenewa.

Cifukwa cace nkhaniyi iri yaikuru ndi ici. Unduna wa za Umoyo umapereka mankhwala a praziquantel kwa ana m'masukulu, ndipo Bungwe la za Umoyo pa Dziko Lonse linaika caka ca 2030 kuti likodzo likhale litaleka kukhala bvuto la anthu ambiri. Akulu-akulu mukumbukira majakisoni owawa a kale aja. Lero ndi mapiritsi akumwa tsiku limodzi, oyezedwa ndi msinkhu wa mwana pa ndodo, ndipo amapha ndi nyongolotsi zosakanizika zomwe. Koma mapiritsi amapha zimene ziri m'thupi tsiku limenelo, sachinga za mawa. Ngati nyongolotsi yokhoza kulowa mwa munthu iri kubisala m'ng'ombe, tidzacita ngati munthu wosesa m'nyumba citseko ca kumphepo ciri cotsegula. Munamva za ng'ombe 8 zija.

Ndiye mafumu, mlandu uwu ngwanu, pakuti dokotala alibe mphamvu pa dziwe la m'mudzi mwanu. Amene anganene kuti ng'ombe zimwe apa, anthu atunge apo, ndinu. Gawani madzi. Ziweto zimwe kumunsi, anthu akhale kumtunda. Coposa ndi kumanga comwera ca simenti kapena kusema ca mtengo pafupi ndi citsime kapena mjigo, kuti ng'ombe zimwe ziri ciimire pa mtunda, ndipo madzi otayika muwakumbire dzenje la miyala asacite cithaphwi. Madzi osamba otungidwa pa dziwe awiritsidwe, kapena agone mumtsuko masiku awiri athunthu, pakuti tizirombo tija sitikhala moyo kupitirira pamenepo tikasowa khungu. Cimbudzi cikhale pa nyumba, komanso cikhale ku dimba, cifukwa munthu wogwira nchito ku dimba tsiku lonse sabwerera kumudzi kukadzithandiza. Ndipo anyamata auzidwe ndi akulu ao, mosabisa mau, kuti m'madzi sakodzamo.

Pa tsiku la mankhwala ku sukulu, ana adye nsima kapena phala lolimba asanamwe, pakuti pa mimba ya njala mapiritsiwa amacititsa cizungulire ndi mseru, ndipo mphekesera zambiri zoipa zinayamba ndi ana amene anamwa osadya. Koma ndikufunseni, abusa a ng'ombe ali kuti tsiku limenelo? Ambiri ali ku dambo. Mwana amene ali ndi nyongolotsi zambiri pa mudzi ponse ndi yemwe mankhwala amamphonya. Nyakwawa ilembe maina a abusa onse ndi kuwapereka kwa mlangizi wa za umoyo, ndipo mwini ng'ombe awete yekha tsiku limodzi limenelo.

Alipo akulu amene amati mnyamata akakodza mwazi ndiye kuti wakula. Ai, wadwala. Mnyamata wa m'dziko lopanda nkhono amakula, nakwatira, nabala ana osakodzapo mwazi ngakhale kamodzi.

Palinso cina cimene cimafika pa bwalo lanu cobvala nkhope ina. Mazira aja samangokhala m'cikhodzodzo. Mwa akazi amalowa ndi m'njira ya cibelekero, nacititsa zironda, kuwawa pokhala malo amodzi ndi mwamuna, kutaya mwazi pa nthawi yosayenera, ndipo ena amalephera kutenga pakati. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana. Mkazi anenezedwa cigololo, ankhoswe aitanidwa, banja ligwedezeka, pamene cimene anacita ndi kucapa zobvala za mwamuna yemweyo pa dziwe. Amuna naonso sapulumuka. Dokotala Sekeleghe Kayuni anayeza asodzi a ku Mangochi m'zaka za 2017 ndi 2018, napeza mazira a likodzo m'mbeu ya abambo mwa msodzi mmodzi pa 10 ali onse. Likodzo silipatsirana pa mphasa. Mlandu wotere ukafika kwa inu, musagamule msanga. Atumizeni onse awiri ku cipatala, ndipo akanene kwa dokotala kumene amasamba ndi kucapa.

Kwa inu oweta, musaope nyama kapena mkaka. Likodzo sililowa ndi cakudya, limalowa pa khungu m'madzi. Musaphe kapena kugulitsa ng'ombe zanu cifukwa ca nkhaniyi, ndipo musadane ndi mnzanu wa khola lalikuru, pakuti likodzo lambiri la anthu likucokerabe kwa anthu anzao. Koma yang'anani ziweto zanu. Ng'ombe yoonda ngakhale msipu ulipo, yotsegula m'mimba ndi mwazi kapena mamina m'ndowe, yoyera m'zikope, makamaka thole kapena kamsoti, muionetse kwa mlangizi wa ziweto. Dibi siigwira nyongolotsi imeneyi, pakuti dibi ndi ya nkhupakupa, ndipo mankhwala ambiri a njoka za m'mimba amene mumagula pa msika saipha. Musatenge mapiritsi a ana a sukulu kukapatsa ng'ombe. Muyeso wa ng'ombe ndi wina, ndipo amene audziwa ndi mlangizi. Mukagula ng'ombe yocokera kunyanja kapena ku cigwa, muuzeni asanaisakanize ndi zinzace pa madzi.

Sabata ya mawa pa nthawi yomwe ino tidzakamba za mbale wina wa nyongolotsi zimenezi, njoka yaitali ya m'matumbo imene imacokera ku nyama ya nkhumba yokhala ndi timatuza toyera tonga mpunga, timene anzathu a ku Katete ndi ku Chipata amati masese. Nayonso anaiwerenga bele lace m'caka ca 2002, napeza kuti pa dziko lonse pali mbumba ziwiri, ya ku Asia payokha, ndipo ya kuno ku Africa pamodzi ndi ya ku South America. Tidzanena umo imabweretsera khunyu, ndi cifukwa cace nkhumba ziyenera kukhala m'khola. Oweta nkhumba a ku Dowa ndi a ku Mponela muuzane, ndipo amene mumaocha nyama pa msika mudzakhalepo.